Pulogalamu yogwira mabuleki pamtsetse wa Khwekhwerere

Msewu wa Khwekhwerere, womwe umachokera kumapiri a Dedza kutsikira ku Golomoti, umatsetsereka mamita pafupifupi 1,000 mokhotakhota, ndipo pamsewu wotere moyo wa okwera galimoto yoyendera magetsi umadalira pulogalamu ya kompyuta yomwe ili m'kati mwa galimotoyo. Galimoto yamagetsi ikamatsetsereka, mota yake imasanduka jenereta n'kumabwezera magetsi m'batire kwinaku ikuchepetsa liwiro, koma batire ikakhala yodzaza, kapena ikazizira monga zimakhalira m'mawa wa mu June ndi July ku Dedza, imalandira magetsi ochepa, choncho pulogalamuyo iyenera kupatsira ntchitoyo mabuleki enieni nthawi yomweyo, dalaivala asanazindikire n'komwe.

Muyezo wa ISO 26262, womwe unatuluka mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2018, umagawa ngozi m'magulu anayi otchedwa ASIL, kuyambira A mpaka D, potengera kukula kwa ngoziyo, kuchuluka kwa nthawi zomwe galimoto imakhala pamalo poti ingachitike, ndiponso ngati dalaivala angathe kuipewa. Kulephera kwa mabuleki kaŵirikaŵiri kumaikidwa m'gulu D, lomwe limafuna kuyesa kokhwima koposa. Poyesapo akatswiri amalumikiza kompyuta yeniyeni ya galimoto ku makina oyerekezera msewu, kenako amaisokoneza mwadala, mwina podula waya wa kachipangizo koyeza liwiro la tayala, mwina poinamiza kuti batire yatentha, kuti aone ngati iimitsa galimoto mosavulaza anthu. Gawo limeneli ndilo lofunika zedi, pakuti pulogalamu yoyesedwa pamsewu wosalala wokha sinayesedwe kumene ngozi zimachitikira.

Komabe pulogalamu ili ndi malire ake. Mu November 2020 kampani ya General Motors inaitanitsa magalimoto a Chevrolet Bolt chifukwa mabatire ena ankayaka, ndipo inaikamo pulogalamu yoletsa kutchaja kupitirira 90 peresenti. Mu 2021 magalimoto ena okonzedwa kale anayakabe, mpaka kampaniyo inayamba kusintha mabatire enieniwo.

Kuno ku Malawi, galimoto ikapita kukayezedwa kuti ilandire COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, oyeza amaona matayala, nyali, chiwongolero ndi mabuleki, zinthu zooneka ndi maso. Pulogalamu siioneka chotero, ndipo n'koyenera kuti wobweretsa galimoto yamagetsi m'dziko muno, makamaka yakaunjika, azisonyeza umboni wakuti pulogalamu yake ndi yatsopano komanso kuti zonse zomwe kampani inaitanitsira galimotoyo zinakonzedwa, isanaloledwe kunyamula anthu kutsikira ku Golomoti.