Impso ya nkhumba m'thupi la nyani

Kafukufuku woika impso ya nyama ina m'thupi la nyama ya mtundu wina amadalira nkhumba, yomwe imapereka impso, ndi nyani kapena pusi, yemwe amailandira m'malo mwa munthu. Cholinga chake n'kupezera impso anthu amene zawo zinaleka kusefa magazi, popeza opereka impso ndi ochepa kulikonse.

Kale madokotala ena ankatenga impso kwa anyani. Mu 1963 ndi 1964, Keith Reemtsma wa ku yunivesite ya Tulane ku New Orleans anaika impso za chimpanzi mwa odwala, ndipo mmodzi anakhala ndi moyo miyezi 9. Njirayi inasiyidwa chifukwa anyani amaswana mochedwa, komanso matenda awo sachedwa kulowa mwa munthu. Nkhumba imaswa ana ambiri, imakula msanga, ndipo impso yake kukula kwake n'kofanana ndi ya munthu.

Chovuta n'chakuti pa maselo a nkhumba pali mtundu wa shuga wotchedwa alpha-gal, womwe munthu alibe. Chitetezo cha m'thupi chikangokumana nawo chimauyesa mdani: magazi amaundana m'mitsempha ya impsoyo, ndipo pasanathe maola imada bii n'kufa. Anyani ndi apusi a ku Africa ndi ku Asia, abale ake a anyani amene amayendayenda m'mapiri a Lake Malawi National Park kufupi ndi Monkey Bay, nawonso alibe shugayu. N'chifukwa chake akatswiri amayamba kuyesa pa iwo, pakuti thupi lawo limakana impso ya nkhumba monga momwe la munthu lingaikanire.

Kusintha DNA ya nkhumba ndiko kunatsegula njira. Mu 2023, kampani ya eGenesis ndi chipatala cha Massachusetts General ku Boston analengeza za nkhumba zosinthidwa m'malo 69: anazichotsa mitundu itatu ya shuga, anaziwonjezera tizigawo 7 ta DNA ya munthu, n'kufooketsanso mavairasi obisala m'chibadwa chake. Mwa apusi amene anaikidwa impso za nkhumbazi, mmodzi anakhala masiku 758 ndi impso yotere. Apusiwo amachotsedwa impso zawo zonse ziwiri ndi kupatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezo nthawi yonseyi, ndipo omenyera ufulu wa nyama sadandaula pachabe. Mu March 2024, chipatala chomwecho chinaika impso ya nkhumba mwa munthu wamoyo wa zaka 62, yemwe anamwalira patatha pafupifupi miyezi iwiri.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi nkhaniyi ikuwakhudza. Likodzo likakhalitsa limatseka njira ya mkodzo n'kuwononga impso, ndipo BP ndi matenda a shuga zimachitanso zomwezo. Makina osefa magazi a boma odziwika ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ofuna kuikidwa impso amapita kunja, makamaka ku India.

Palinso za chipembedzo. Asilamu, omwe ndi ochuluka m'boma la Mangochi, sadya nkhumba, ngakhale akatswiri ena a Chisilamu amavomereza chiwalo chake ngati palibe njira ina yopulumutsira moyo. Nkhumba za kafukufuku si za m'khola la kumudzi zomwe zimafa ndi chigodola. Zimaleredwa m'nyumba zotsekedwa, mpweya ndi madzi ake n'zosefedwa, ndipo magazi ake amayezedwa kawirikawiri kuti zisapatsire wodwala mavairasi.