Fortran: agogo a ziyankhulo za kompyuta amene akuloserabe nyengo

Mukamva pa wailesi kuti mawa kugwa mvula yamphamvu, dziwani kuti kwinakwake kompyuta yaikulu yachezera kuwerengera mphepo, kutentha ndi chinyezi. Ambiri mwa mapulogalamu ochita zimenezi analembedwa m'chiyankhulo chimene chinatuluka mu 1957, agogo anu ena ali ana. Dzina lake ndi Fortran, chidule cha Formula Translation, ndipo anachipanga ndi John Backus ndi anzake ku kampani ya IBM ku America.

Mphamvu ya Fortran ndi imodzi, koma yaikulu: imachita masamu mwaliwiro. Mukakhala ndi mindandanda iwiri ya manambala, A ndi B, kaya uliwonse uli ndi manambala 1,000,000, mumangolemba C = A + B, basi zonse zaphatikizidwa. Fomula imaoneka pafupifupi ngati ya m'kope lanu la Physics. Ngakhale anzathu otama Python aja, akamagwiritsa ntchito SciPy, masamu ena olemera imawachitira ndi LAPACK, yomwe inalembedwa mu Fortran.

Komatu agogowa ali ndi misampha yawo. Ndili ku koleji ndinalemba fomula ya kinetic energy motere: 1/2*m*v**2. Yankho linabwera 0. Galimoto ikuthamanga, mphamvu yake zero, zoona? Ndinavutika madzulo onse. Nkhani yake ndi yakuti Fortran ikagawa manambala athunthu imataya chotsala, ndiye 1/2 imasanduka 0. Ndinayenera kulemba 0.5. Chiyankhulo cha C nachonso chimatero, tisanamizire Fortran yokha.

Msampha wachiwiriwu ndiye ndi wakewake. Mukapanda kunena, dzina lililonse loyamba ndi chilembo cha pakati pa I ndi N imalitenga ngati nambala yathunthu. Tangoganizani, m wa mass ali momwemo! Muikamo makilogalamu 2.5, iyo isunga 2, osakuchenjezani n'komwe. Mankhwala ake ndi kuyamba pulogalamu iliyonse ndi mawu akuti IMPLICIT NONE.

Kunja kwa masamu, Fortran ndi yolemetsa. Simungasangalale nayo popanga app ya pafoni kapena tsamba la pa intaneti, ndipo olemba ntchito oifuna ndi ochepa.

Ana anga a Fomu 3 akandifunsa, ndimati yambani Python. Koma iwe amene ukulota zodzaphunzira za nyengo kapena Physics ku yunivesite, udzakumana nayo ndithu. Akuikonzabe, ndipo mtundu watsopano ndi Fortran 2023. Pulogalamu ya gfortran ndi yaulere. Iike pa kompyuta, uyese fomula ija, uone wekha 0 akutuluka.