Mutu wokwera ndi kutsika pa makina a CNC opanga wekha

Makina a CNC ndi makina osema thabwa, pulasitiki kapena chitsulo motsogozedwa ndi kompyuta. Amayenda mbali zitatu zimene amisiri amazitcha X, Y ndi Z. Mbali ziwiri zoyambazo n'zogona, pamene Z ndi yokwera ndi kutsika, ndipo ndi imene imanyamula mota yozungulitsa kampeni kodulira. M'nkhani ino ndifotokoza mmene ndinakonzera Z ya makina anga kuno ku Leicester, ndi chifukwa chake ndimati ikhale yaifupi.

Mzinda uno si mlendo pa makina. Kampani ya Wadkin inayamba kuno mu 1897 n'kutchuka ndi makina a matabwa, Jones & Shipman inayamba mu 1899, ndipo Adcock & Shipley inkapanga makina osemera zitsulo a Bridgeport. Masiku ano okonda ntchitoyi amapangira m'magalaja mwawo, ena amakumana ku Leicester Hackspace kapena ku Nottingham Hackspace. Pa Bridgeport pali phunziro: chimakina cholemera choncho, koma mutu wake umatsika mamilimita 127 okha. Pofuna malo aakulu, mmisiri amatsitsa tebulo lonse.

Chifukwa chake n'chakuti Z ili ngati mkono wogwiridwa mbali imodzi yokha. Mphamvu yodulira imakankha kunsonga, mkonowo n'kupindika pang'ono. Kupindikako kumakula mofulumira kuposa kutalika: mukatalikitsa mkono kawiri, umapindika kasanu ndi katatu. Aliyense amene anatchola mango ndi nsungwi yaitali akudziwa mmene nsonga imagwederera. Pa makina, kugwedera kumeneku kumasiya mizere pa thabwa, kumabweretsa phokoso lolira ngati nkhululu, ndipo kampeni ka mamilimita 3 kamathyoka. Ambiri oyamba kumene amafuna Z yoyenda mamilimita 200 poganiza kuti tsiku lina adzasema chipika. Tsikulo silifika kawirikawiri, koma kugwederako amakhala nako pa ntchito iliyonse. Ine ndinasankha mamilimita 90, okwanira thabwa la mamilimita 40, kampeni, ndi malo okasinthira.

Ndinaika njanji ziwiri za HGR15 pa mbale ya aluminiyamu yochindikala mamilimita 15, njanji iliyonse ndi timabokosi tiwiri toyenda. Kutalikirana kwa timabokosi, kumtunda ndi kumunsi, n'kofunika kuposa kukula kwa njanjiyo, pakuti ndi kumene kumaletsa mutu kuwerama.

Vuto lachiwiri ndi la Z yokha: kulemera kwa mutu kumaukokera pansi nthawi zonse. Apa nkhani ili pa sikuluu yoyendetsa. Ball screw, monga SFU1605 imene imasuntha mamilimita 5 ikazungulira kamodzi, imayenda mofewa kwambiri chifukwa natiyo imagudubuzika pa timipira. Kufewako ndi kumene kumapweteketsa. Magetsi akazima mota imasiya kugwira, ndipo mutu wolemera, monga spindle ya 2.2 kW yoziziritsidwa ndi madzi, ukhoza kutsetsereka wokha n'kubaya thabwa limene mwasema maola atatu. Ena amaikapo buleki pa mota, ena sipuling'i yothandiza kunyamula. Kwa mmisiri wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, kumene kuzima kwa magetsi si kwachilendo, mfundo imeneyi si yongoyankhula.

Ine ndinatenga sikuluu wamba ya T8 yosuntha mamilimita 2 pa kuzungulira kumodzi. Mazinga ake ndi othinana moti kulemera sikungaizungulitse. Mutu umaima pamene waimapo. Chenjerani pogula, chifukwa pali T8 ina yooneka chimodzimodzi koma yosuntha mamilimita 8, ndipo imeneyo imatha kutsetsereka. Choipa cha yangayi n'chakuti imachedwa: mota ikazungulira ka 600 pa mphindi, mutu umayenda mamilimita 1200 okha. Pa ulendo wa mamilimita 90, ine sindiona vuto. Mutu wanga ndi router ya Makita RT0700C, yolemera pafupifupi makilogalamu 1.8, ndipo mota ya NEMA 23 imaunyamula popanda kudandaula.

Ena amati pa Z mpata wa pakati pa nati ndi sikuluu ulibe kanthu, poti kulemera kumautseka. Sindivomereza. Kampeni kakamalowa m'thabwa, thabwalo limakankhira mutu m'mwamba, mpata uja n'kutseguka, dzenje n'kuperewera kuya kwake. N'chifukwa chake ndinagwiritsa ntchito nati ya magawo awiri yothinitsidwa ndi sipuling'i.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mota imaponda masitepe 200 pozungulira kamodzi, choncho sitepe imodzi ndi mamilimita 0.01. Ndinagawa sitepe iliyonse pasanu ndi patatu, zimene zimapereka 800 pa milimita imodzi, ndipo nambala imeneyi ndinailemba pa $102 mu pulogalamu ya GRBL. Kenako ndinalamula mutu kutsika mamilimita 50 n'kuyeza ndi caliper kuti ndione ngati watsikadi 50.