Kufooka kwa Chikatolika ku Spain

Mu ulamuliro wa Francisco Franco, yemwe anamwalira mu 1975, Chikatolika chinali chipembedzo cha boma ku Spain, ndipo mpingo unali ndi mphamvu pa maphunziro ndi maukwati. Malamulo oyendetsera dziko a 1978 atakhazikitsa kuti boma lilibe chipembedzo chake, mphamvuyo inayamba kuchepa, moti kusudzulana kunaloledwa mu 1981 ndipo maukwati a amuna kapena akazi okhaokha anavomerezedwa mu 2005. Masiku ano maukwati ambiri amamangidwira kuboma ndipo achinyamata ochuluka sapita ku Misa, ngakhale kuti mdipiti wa Sabata Loyera, lokumbukira masautso a Yesu, umasonkhanitsabe chinamtindi cha anthu ku Sevilla, pakuti ngakhale osapemphera amauona ngati mwambo wa makolo.