Za Ochita Masewero Amene Afuna Kubvula Dzina Lakale

Amene mwa inu adapitako ku Limbe kapena ku Ndirande adaziwona tinyumba tija ta kanema, m'mene ana adzazana kuyambira m'mawa, nawonerera nkhonya ndi mfuti kufikira dzuwa litapendeka. Papa Pius XI, m'kalata yache ya chaka cha 1936, adachenjeza abusa a Eklezia kuti zithunzi zoyendazi ziri ndi mphamvu yakuphunzitsa zabwino ndi zoipa zomwe. Mwezi uno tikambe za zabwinozo.

Munthu wochita masewero ali ndi bvuto lache: akakondweretsa anthu ndi sewero limodzi, dzina la m'seweromo limkakamira ngati chisoso pa nsaru. Taonani a Michael Usi a sewero la Tikuferanji: ngakhale pamene adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko m'chaka cha 2024, a pa msika wa Limbe adali kuwatchulabe Manganya. Chifukwa chache ena, pofuna kuonetsa za mumtima mwao, alemba napanga kanema waowao. Adatero mai Joyce Mhango Chavula, amene kanema wao wochedwa Lilongwe adalandira mphoto ku Lagos m'chaka cha 2016.

Koma amene atidabwitsa koposa ndiye Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London mwa makolo a ku Nigeria. Dziko lonse lidamdziwa ngati kapolo wa mu 12 Years a Slave, m'chaka cha 2013, ndiponso ngati wamatsenga wa mu Doctor Strange. Akadatha kukhala kumeneko nadya chuma chache. Iye adawerenga mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, nalemba yekha kanema The Boy Who Harnessed the Wind, namtsogolera, nadza kudzamjambula kuno kwathu. Kanemayo adaturuka m'chaka cha 2019.

Pano mpamene tiyenera kuima pang'ono. Sadasankhe kukhala ngwazi ai. Adadzipatsa malo a Trywell, bambo wa mnyamatayo, mlimi wosauka ndi wouma khosi, wolephera kulipira sukulu ya mwana wache m'njala ya 2001 ndi 2002. Mwana apempha njinga ya atate ache kuti aidule, apangire makina a mphepo okoka madzi. Bamboyo apsa mtima, namlamula agwire khasu. Ndani mwa ife akadapereka njinga, chuma chotsala chokhacho cha pakhomo, chifukwa cha mau a mwana? Nkhondo yeniyeni ya kanemayu iri mumtima mwa bamboyo, pakati pa manyazi ndi chikondi, kufikira agonja napereka njinga ija.

Adaphunziranso Chichewa kuti alankhule monga munthu wa kumudzi. Ambiri kuno adaseka katchulidwe kache, ndipo kunena zoona lilime lidamlemera ndithu. Komatu ife tomwe tidamva Chinyanja cha abambo ansembe ochokera kutali sitifulumira kuseka mlendo woyesa.

Tikuuzeninso kuti kanemayu asiyana pang'ono ndi mbiri yeniyeni, pakuti makina oyamba a William adayatsa nyali za m'nyumba, ndipo okoka madzi adadza pambuyo. Mulinso imfa, kulanda chimanga ndi gule wamkulu. Tsono makolo ayambe amuona okha asanaitane ana ang'ono.