Injini ikulira koma galimoto sikuthamanga: klatchi yavuta pati?

Mwezi watha ndinakwera minibasi yochoka pa boma pano kupita ku Kasungu. Amene munadutsapo mumsewu wa M18 mukudziwa kuti mukangolowa m'nkhalango ya nyama zakutchire muja, msewu umayamba kukwera n'kumakhotakhota. Tinali titadzaza, kumbuyo kuli matumba a mpunga ndi madengu a usipa. Pa chitunda china dalaivala anaponda moto, injini n'kulira mokweza ngati tiuluka, koma mitengo ya m'mbali mwa msewu inkangodutsa pang'onopang'ono ngati tili wapansi. Kenako kunabwera fungo la chinthu chopserera. Mayi wina anati injini yafa. Bambo wina anati ayi, ndi giyabokosi. Kondakitala anangoti, "Ndi klatchi iyi mabwana, tifika." Tinafikadi, koma kutada.

Kondakitala uja ananena zoona, ndipo sanatsegule chilichonse. Anamva ndi makutu, ananunkhiza ndi mphuno, basi. Zimene anagwiritsa ntchito ndi zomwezija timaphunzira m'kalasi pa mutu wa friction, ngakhale iye sangazitchule choncho.

Tiyambe ndi vuto limene klatchi inabwera kudzathetsa. Injini ya petulo kapena dizilo siingaime n'kukhalabe yamoyo. Ikasiya kuzungulira, yazima. Koma matayala amafunika kuima, pa siteji, pa rodibuloko, mbuzi zikamadutsa. Ndiye pakati pa injini ndi giyabokosi payenera kukhala chinthu chotha kulumikiza ziwirizi, kuzilekanitsa, komanso kuzilumikiza pang'onopang'ono kuti galimoto inyamuke mosadzidzimutsa.

Tengani mbale ya pulasitiki, muiike pakati pa zikhatho zanu ziwiri, mupanikize. Mukapotoza manja, mbale imapotoka nawo. Mukamasula, manja amayenda okha, mbale n'kutsala. Klatchi ndi yomweyo. Chikhatho chimodzi ndi flywheel, chitsulo cholemera chozungulira chimene chamangidwa ku injini. Chikhatho chinacho ndi pressure plate, imene ili ndi sipuling'i yamphamvu kwambiri ndipo imazungulira limodzi ndi flywheel. Mbale ija ndi clutch plate, yomatidwa mbali zonse ziwiri zinthu zokhakhala zonga za pa buleki, ndipo ndi yokhayo yolumikizidwa ku giyabokosi. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti klatchi imagwira pamene dalaivala wachotsapo phazi. Akaponda, ndiye kuti akukankha sipuling'i ija kudzera pa kachitsulo kotchedwa release bearing, kuti mbale imasuke.

Palibe mano, palibe bawuti yolumikiza injini ndi mbaleyo. Minibasi yonse, anthu, mpunga ndi usipa, zikukokedwa ndi kukhulana kwa zinthu ziwiri zopanikizana. Mu 1699, katswiri wa ku France Guillaume Amontons analemba kuti mphamvu ya kukhulanaku imakula molingana ndi mmene zinthuzo zapanikizirana. Ndi zija timalemba pa bolodi kuti F = μ × N, pamene N ndi mphamvu yopanikiza, ndipo μ ikutiuza mmene nkhope ziwirizo zimagwirirana. Pa klatchi youma bwino μ amakhala cha m'ma 0.3 mpaka 0.4.

Mukamvetsa zimenezi, matenda akuluakulu a klatchi amatsala awiri okha. Mwina ikulephera kugwira, kapena ikulephera kusiya.

Kulephera kugwira ndi kumene tinakumana nako pa chitunda paja. Amakaniko amati klatchi ikuterereka. Yang'anani F = μ × N ija: F akachepa, ndiye kuti wachepa N kapena μ. N amachepa mbale ikadyeka kwambiri n'kupyapyala, kapena sipuling'i ikafooka ndi kutentha. μ amagwa oyilo akadontha kuchokera ku injini kapena ku giyabokosi n'kunyowetsa mbale. Pakani mafuta ophikira m'zikhatho mubwereze za mbale ya pulasitiki zija, muona. Izi n'zofunika pa ndalama, chifukwa munthu akagula mbale yatsopano osatseka podontha oyilo, yatsopanoyo nayo inyowa basi.

Chizindikiro chake n'chosavuta: kulira kwa injini kukukwera, liwiro silikukwera. Koma bwanji zimayamba kuoneka pa chitunda kapena m'giya yaikulu, osati pa giya wani? Funsani wa kabaza. Pa giya yopepuka, tayala limagonja msanga ukangopalasa. Pa giya yolemera, uli pa mtunda, wanyamula munthu, tayala limakana, ndipo mphamvu zako zonse zimakathera pa tcheni. Klatchi yofooka imabisala pamene matayala akugonja mosavuta. Imaululika pamene injini ikukankha ndi mphamvu zake zonse koma matayala akukana.

Ndipo ikangoyamba kuterereka, zinthu zimaipiraipira. Munaphunzira kuti kukhulana kwa chinthu chimene chayamba kale kutsetsereka kumakhala kochepa poyerekeza ndi kwa chimene chili phee. Kuwonjezera apo pali kutentha. Pakani zikhatho zanu mofulumira kwa masekondi 10. Mwamva? Mphamvu siisowa, imangosintha maonekedwe. Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti pikapu yapita kugombe kukanyamula nsomba, yatitimira mumchenga, matayala sakuyenda, dalaivala wagwira klatchi pakatikati, injini ikuzungulira ka 2000 pa mphindi ndipo ikukankha ndi torque ya 100 Nm. Kuzungulira ka 2000 pa mphindi ndi pafupifupi 209 rad/s. Tikachulukitsa ndi 100 tipeza mawatsi pafupifupi 21,000. Popeza matayala sakuyenda, zonsezo zikusanduka kutentha mkati mwa klatchi. Ketulo yamagetsi imadya mawatsi 2000 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye kuti muli maketulo 10 akuwira pa kambale kamodzi. M'masekondi 10 okha, kutentha kumeneko kukhoza kukweza lita imodzi ya madzi ndi madigiri 50. Fungo lija ndi zomatira za pa mbale zikupsa. N'chifukwa chake ine ndimamva chisoni ndikaona dalaivala akuimitsa galimoto pa chitunda ndi klatchi m'malo mwa buleki, kapena akuyenda phazi lili chitsamire pa chopondera. Ndalama zikupsa pamenepo.

Makaniko amayesa chonchi: amakoka handibuleki, amalowetsa giya fili kapena folo, amaponda moto pang'ono, n'kumasula klatchi pang'onopang'ono. Klatchi yabwino imagwira, ndipo popeza matayala sangayende, injini imazima. Ikapitiriza kulira phazi litachoka, klatchi yatha. N'zoseketsa eti, kuti apa kuzima kwa injini ndiye nkhani yabwino. Amachita kwa masekondi ochepa chabe, pamalo opanda anthu kutsogolo. Inu mulibe laisensi, ndiye musakayesere pa galimoto ya amalume. Kaonerereni ku galaja.

Matenda achiwiri ndi kulephera kusiya. Dalaivala waponda mpaka pansi, koma mbale ikukhudzabe, giyabokosi ikuzungulirabe. Giya imakana kulowa, kapena imalowa ndi phokoso lakuti khrrr, makamaka rivesi, chifukwa m'magalimoto ambiri rivesi ilibe kachipangizo kofananitsa liwiro la mano asanalumane. Apa ndi pamene anthu amathamangira kunena kuti giyabokosi yafa, chinthu chokwera mtengo kwambiri. Makaniko wanzeru amayamba wazimitsa injini n'kuyesa magiya onse. Ngati akulowa bwinobwino injini ili chizimire, koma n'kumakana ikalira, woyamba kumukayikira ndi klatchi. Taonani zimene wachita: wasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse wazisiya momwemo. Ndi zomwe ndimakuvutitsani nazo mu labu zija.

Nthawi zambiri vuto limeneli silikhala pa mbale n'komwe. Magalimoto ambiri, kuphatikizapo ma Toyota Hiace amene timakwera pa M5, amatumiza mphamvu ya phazi kudzera m'kapaipi kodzaza brake fluid. Lamulo lake ndi la Blaise Pascal: ukapanikiza zamadzimadzi zotsekeredwa, kupanikizikako kumafika paliponse mofanana. Zimatheka chifukwa zamadzimadzi sizifinyika. Mpweya umafinyika. Tengani sirinji yopanda singano, mutseke kukamwa kwake ndi chala. Ikakhala ndi madzi, siikankhika. Ikakhala ndi mpweya, imalowa ndithu. Ndiye mpweya ukalowa m'kapaipi kaja, kapena rabala ikamadontha, phazi limangofinya mpweyawo, sipuling'i osakankhika mokwanira. Chopondera chimamveka chofewa ngati siponji, ndipo dalaivala akapopa kawiri katatu giya imalowa. Mukaona dalaivala akupopapopa asanalowetse giya, dziwani kuti n'kutheka mankhwala ake ndi otchipa: kusintha rabala, kuthira brake fluid, kuchotsa mpweya. Giyabokosi siifunika kutsitsidwa.

Phokoso nalo limalankhula, bola udziwe nthawi imene likubwera. Likamayamba pamene klatchi yapondedwa n'kutha akachotsa phazi, ndi release bearing, chifukwa ndi nthawi imeneyo pamene imasenza katundu. Likamamveka galimoto ili pa nyutulo n'kutha akaponda, kayang'aneni ku giyabokosi, popeza kuponda kwaimitsa zozungulira za mkati mwake. Galimoto ikamanjenjemera ponyamuka, mwina mbale yanyowa oyilo mbali zina, mwina flywheel yapsa mawangamawanga, koma mwinanso ndi marabala ogwira injini chabe, ndipo amenewo amaoneka ndi maso osamasula kanthu.

Zikapezeka kuti mbale yathadi, giyabokosi iyenera kutsika, ndipo imeneyo ndi ntchito ya maola angapo. N'chifukwa chake makaniko amalangiza kusintha zitatu zonse nthawi imodzi, clutch plate, pressure plate ndi release bearing. Eni galimoto ena amaona ngati akufuna kuwadyera. Pa ichi chokha ine ndili kumbali ya makaniko, chifukwa kachitsulo kakale kakafa patatha miyezi iwiri, mulipiranso ntchito yonse ija.

A Fomu 3 ndi 4, nali funso loti tidzayambire Lolemba. Pressure plate ikupanikiza ndi 4000 N, μ ndi 0.35, ndipo mbale ikukhulana mbali zonse ziwiri. Pezani F yonse. Kenako oyilo wadontha, μ watsika kufika 0.1. F yatsala zingati, ndipo mukuganiza kuti dalaivala ayamba kuzindikira ali pati, pa chidikha cha ku Chia kapena pa zitunda za ku Kasungu?