MLIRI WA CIMFINE: MIYEZI ISANU NDI UMODZI YOPANDA KATEMERA

Caka ciri conse ikafika nyengo ya cisanu, kuyambira June mpaka August, mabenci a m'makiliniki a m'boma la Lundazi amadzaza ndi anthu otsokomola. Ana amabwera ndi mamina ndi kutentha thupi, akulu-akulu akudandaula mutu ndi kuphwanya kwa mafupa. Ambiri amalandira Panado nabwerera kwao, ndipo pakatha sabata limodzi ali kale kudimba kuthirira ndiwo. Ici ndi cimfine ca caka ndi caka, cimene matupi a anthu anacizolowera.

Pali cimfine cina cimene a za umoyo amaciopa. Kacirombo koyambitsa cimfine, kamene madokotala amakacha influenza, kamakhalanso m'mbalame za m'thengo, m'nkhuku, m'abakha ndi m'nkhumba. Mitundu iwiri ya kacirombo aka ikakumana m'thupi limodzi itha kusakanikirana, ndipo pamabadwa mtundu watsopano umene palibe munthu ali ndi citetezo cake. Mtundu wotere ukayamba kucoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake mosabvuta, umazungulira dziko lonse la pansi m'miyezi yocepa cabe. Zimenezi zinacitika mu 1918, mu 1957, mu 1968 ndi mu 2009. Covid-19 sicimfine ca influenza ai, kacirombo kake nkena, koma kafalikidwe kake nkofanana.

Mliri wa 1918 ndiwo unali woopsa koposa. Akatswiri amati unapha anthu pafupi-fupi 50 miliyoni pa dziko lonse. Kuno kum'mwera kwa Africa unalowera m'madoko a South Africa mu September 1918, nukwera njanji kupyola Kimberley ndi Bulawayo, ndipo mu October unali utafika m'dziko lino, limene panthawiyo linali Northern Rhodesia. Kumene kunalibe njanji, matendawo anayenda pansi. Amuna amene anali ku Walale pa nchito za m'migodi ataona anzao akufa m'makomboni, anathawa kubwerera kwao, ndipo cimfine anapita naco ku midzi. Amtengatenga ocokera ku nkhondo ya Ajeremani anacitanso cimodzi-modzi. Ambiri mwa akufawo sanali nkhalamba, koma anyamata ndi azimai a mphamvu zao, ndipo cimene cinawamaliza kawiri-kawiri cinali cibayo cobwera pambuyo pa cimfine. Masiku amenewo munthu amatenga masabata kuti afike ku Lundazi. Lero basi yonyamuka ku Lusaka m'mamawa imagona pa Lundazi tsiku lomwelo.

KATEMERA AMACEDWA

Anthu ambiri amaganiza kuti mliri ukabuka, boma lidzangotumiza katemera basi. Sizitero. Katemera wa cimfine catsopano sangapangidwe kacirombo kake kasanaoneke, ndipo kucokera pamene kadziwika kufikira pamene mabotolo oyamba atuluka m'fakitale pamapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Mu 2009 cimfine ca H1N1 cinadziwika mu April ku Mexico ndi ku America, bungwe la World Health Organization linalengeza mliri pa 11 June, koma katemera anayamba kupezeka kumapeto kwa caka, ndipo maiko olemera ndiwo anayamba kumugula. Maiko ambiri a mu Africa anamulandira mu 2010, mliri utayamba kale kuzilala. Pa Covid-19 zinabwerezanso: ku Britain anayamba kubaya anthu mu December 2020, pamene Zambia inalandira katemera woyamba mu April 2021.

Motero dongosolo lokonzekera mliri liyenera kuyankha funso limodzi ili: kodi anthu adzakhala bwanji ndi moyo m'miyezi imene katemera kulibe?

Ku likulu zina zinakhazikitsidwa kale. Kuyambira 2008, labotale ya tizirombo ya pa University Teaching Hospital ku Lusaka imapima zotengedwa m'mphuno ndi kukhosi kwa odwala cifuwa, kuti idziwe mtundu wa cimfine cimene cikuyenda m'dziko. Bungwe la Zambia National Public Health Institute, limene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2020, ndilo limasonkhanitsa malipoti a matenda ndi kutsogolera nchito yolimbana ndi miliri pansi pa Unduna wa za Umoyo. Cakudya, mahema ndi thandizo lina la pangozi ziri m'manja mwa Disaster Management and Mitigation Unit, pansi pa ofesi ya waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Palinso pangano la maiko la mu 2005 lolamula kuti dziko likapeza cimfine ca mtundu watsopano mwa munthu, lidziwitse WHO pasanathe maola 24.

Zonsezi nzabwino, koma a ku Lusaka sangaone munthu wotsokomola kwa Mwase kapena kwa Kapichila. Amangodziwa zimene auzidwa.

LIPOTI LOYAMBA LIMACOKERA KUMUDZI

Maso a boma ndi nyakwawa, a m'kabungwe ka za umoyo ka m'mudzi, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ndi nesi wa pa kiliniki yaing'ono. Zoyenera kuwadzidzimutsa sizambiri. Anthu atatu kapena anai a nyumba imodzi kudwala cifuwa coopsa sabata limodzi. Mnyamata wa mphamvu zake kufa ndi cibayo m'masiku atatu. Theka la kalasi kujomba cifukwa ca cimfine. Nesi kapena wosamalira wodwala kugwidwa ndi matenda omwewo. Zotere siziyembekezera lipoti la kumapeto kwa mwezi. Ofesi ya za umoyo pa boma iyenera kumva tsiku lomwelo, ngakhale pa foni.

Nkhuku nazo ziri m'nkhaniyi. Zikayamba kufa zambiri nthawi imodzi, anthu amangoti ndi citopa, nathamangira kupha zotsala kuti ndiwo zisaonongeke. Nthawi zambiri cimakhaladi citopa, cimene sicibweretsa mliri kwa anthu. Bvuto nlakuti cimfine ca mbalame cimapha nkhuku mofanana ndi citopa, ndipo ndi maso okha palibe angasiyanitse. Mtundu wa H5N1 unapha anthu 6 ku Hong Kong mu 1997, unafika ku Nigeria mu 2006, ndipo mwa anthu amene anapezeka nawo kuyambira 2003, pafupi-fupi theka anamwalira. Mwai ulipo ngwakuti sunayambe kufalikira mosabvuta pakati pa anthu. Conco nkhuku zikafa zambiri, a za ziweto auzidwe, zakufazo zikwiriridwe, ndipo ana asatumidwe kukazisosola.

Lipoti likafika, zotengedwa kwa wodwala ziyenera kuyenda m'bokosi lozizira makilomita pafupi-fupi 180 kukafika ku Chipata, ndi enanso oposa 550 kukafika ku Lusaka. Dongosolo limene silinena galimoto yake, mafuta ake ndi dzina la wonyamula bokosilo, ndi pepala cabe.

MPWEYA, ANCHITO NDI MISEU

Pa cimfine coopsa cimene cimapulumutsa anthu koposa ndi mpweya wa okosijeni. Mu June ndi July 2021, pamene Covid-19 inakula kwambiri, zipatala zambiri m'dziko lino zinasowa mabedi ndi mpweya, ndipo zipatala zikulu-zikulu zikadzaza, za m'maboma sizikhala ndi kotumiza odwala. Makina opanga mpweya pambali pa bedi amafuna magetsi osazima, koma cilala ca 2024 cinaonetsa kuti magetsi a ku Kariba atha kusowa maola ambiri pa tsiku. Ndiye cifukwa cake kuwerenga masilinda, kuyesa jenereta ndi kukonza masola ziyenera kucitika lero, kulibe mliri. Kacipangizo kopanira pa cala kopimira mpweya m'magazi nkochipa, koma ndiko kamauza nesi wa kumudzi kuti uyu atha kubwerera kunyumba, uyu atumizidwe. Kakaonetsa pansi pa 90, wodwalayo afunika mpweya.

Mankhwala a oseltamivir, amene ena amawadziwa kuti Tamiflu, amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku awiri oyamba. Amoxicillin ndi anzake sapha kacirombo ka cimfine, koma amaciza cibayo cobwera pambuyo pake, ndiye ayenera kusungidwa okwanira. Kuwamwera cimfine wamba nkuwaononga.

Cimene olemba madongosolo amaiwala kawiri-kawiri ncakuti anchito a cipatala nawo amadwala. Pa kiliniki ya manesi awiri, mmodzi akagona ndiye kuti theka la anchito lapita, pamene azimai akubereka ndithu, malungo sanaleke, ndipo a ma ARV ndi a TB akufuna mankhwala ao. Kupatsiratu anthu otere mankhwala a miyezi ingapo kumacepetsa mzere ndipo kumawateteza, pakuti iwo, pamodzi ndi azimai apakati, ana aang'ono ndi okalamba, ndiwo cimfine cimawagwetsa msanga.

Kuyambira 2018 Lumezi ndi Chasefu ndi maboma paokha, koma odwala ao ambiri amadzerabe pa Lundazi, ndiye maboma atatuwa ayenera kukonzera pamodzi. Kucigwa ca Luangwa, kwa Chitungulu, kwa Kazembe ndi kwa Mwanya, mvula ikakhazikika miseu imaduka. Mankhwala a kumeneko ayenera kufika November asanathe.

Za malire nzosafuna kunamizana. Pa Lusuntha atha kuikapo wopima kutentha kwa thupi, koma anthu a ku Lundazi ndi a ku Mzimba ndi pacibale, amakwatirana, amalirana maliro, ndipo tinjira ta njinga ntosawerengeka. Ndiponso munthu amayamba kupatsira anzake cimfine tsiku limodzi asanamve kudwala. Cothandiza koposa cipata ndi cakuti a za umoyo a mbali ziwirizi azidziwana ndi kuuzana msanga.

Kuletsa misonkhano kumagwira nchito kukacitika msanga, monga momwe masukulu anatsekedwera pa 20 March 2020, patangopita masiku awiri cipezekere odwala Covid-19 oyamba. Koma kuuza anthu kuti asagone pa maliro kapena asapite ku Mkaika ku Kulamba si nkhani yotumiza pa kalata. Afunika kukhala pansi mafumu, abusa ndi a za umoyo nthawi ikalipo, ndi kumvana za amene adzalankhula pa Radio Chikaya m'Cinyanja ndi m'Citumbuka.

Odwala ambiri adzasamalidwa kunyumba. Wodwala agone payekha m'cipinda copita mphepo, amwe madzi ambiri, atseke pakamwa potsokomola, ndipo womusamalira akhale mmodzi, wosamba m'manja ndi sopo. Mwana asapatsidwe Aspirin. Wothamangira naye kucipatala ndi amene akubanika, amene milomo yada, amene wasokonezeka mutu, amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, ndi amene anayamba kupeza bwino kenaka thupi natenthanso. Kwa mwana, kholo liwerenge mpweya kwa mphindi imodzi ali cete: wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa caka cimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, kapena nthiti za m'munsi zikamalowa m'kati popuma, asagone naye kunyumba.